Chaki cha ku Jeremani pa Makina a ku Amereka

Chitsulo chidaguluka makina ali pa liwiro. Chidamenya patebulo, n'kudumpha ngati chule, n'kukunkhulika mpaka kumapazi kwa a Wilson, amene adalumpha n'kukagwira chitseko.

"Mayo ine! A Gerson, mwandiitanira madesiki kapena mwandiitanira maliro?"

A Gerson Chikafa adazimitsa makina, nawerama kutola chitsulocho. Chinali chaki, chibwano chija chimene chimaluma biti, kachitsulo koboolera, kuti makina akamazungulira kasaterereke. Aka kanali kachitatu kuguluka m'mawa umodzi womwewo wa Lachisanu.

"Pepani a tcheyamani," adatero akupukuta mchenga ndi malaya. "Chikukana banja."

Shedi ya a Gerson inali kuseri kwa tchalitchi, pamsewu wochoka ku Senga Bay kulowera ku Lifuwu. Ankawotcherera ngolo, mawindo, ndi zitsulo zomangirirapo injini za maboti. Koma makina oboolera amene adaima pakati pa shediyo sanali awo. Adabwera m'kontena kuchokera ku mpingo wina wa ku Amereka, pamodzi ndi mabelo a zovala ndi bokosi lakuda lotsitsa mphamvu ya magetsi. Lamulungu lina akulu a mpingo adawaimika a Gerson kutsogolo, n'kuwapempherera, n'kunena kuti makinawo ndi a mpingo, ndipo iwo akhale mdindo wake. Kuyambira tsiku limenelo ankawapukuta madzulo alionse asanatseke shedi.

Chimenecho chinali chaka chachiwiri cha matipate. Sukulu idakhala yaulere, ndipo ana adabwera ngati usipa wa pa nyali, ena aakulu ndithu amene adasiya kalekale. Makolo adasonkha mpunga, komiti idapeza zitsulo ndi matabwa, ndipo a Gerson adalonjeza pamsonkhano kuti sukulu ikamatsegulidwa Lolemba, kalasi ya Sitandade 5 idzakhala ndi madesiki makumi atatu. Miyendo yonse inali yowotchereratu, matabwa odulidula. Padangotsala kuboola mabowo a mabauti, asanu ndi atatu pa desiki lililonse. Atangomaliza madesiki asanu, Lachitatu, dzino limodzi la chaki chakale lidathyoka. Lachinayi adapalasa njinga mpaka ku Lifuwu kwa Che Binali, amene kale ankasunga zipangizo ku sikimu ya mpunga, ndipo adabwerako ndi chaki china chochotsa pa makina akufa a ku Jeremani. Poyang'ana ndi maso, ziwirizo zinali ngati mapasa.

"Menyani ndi hamala," adatero a Wilson, amene anali wapampando wa komiti ya sukulu. "Mwana wosamva amamvera mkwapulo."

"Ndamenya kale ndi chipika. Chimakhala pang'ono, chikangoluma chitsulo n'kuyamba kuvina."

"Kulungani kachidutswa ka chitini ndiye. Njinga yanga ndayendera chaka chonse ndi kachidutswa ka chitini cha mafuta."

"Njinga yanu ija imayenda chambali ngati nkhanu?"

"Koma imafika!"

Ali mkati moseka adalowa a Phyllis, mkazi wa a Gerson, atanyamula tiyi ndi chinangwa chophika. Iwowo ndiwo anali mphunzitsi wa Sitandade 5, ndipo amachokera kusukulu kumene ankalembetsa mayina a ana. Zala zawo zinali zoyera ndi choko.

"Bambo a Deliwe, ndamva phokoso ndili kumpanda uko. Mwapha munthu?"

"Akadali moyo, aphunzitsi. Ndibwerekeniko choko."

A Gerson adatsuka chaki chakale ndi chatsopano mu parafini, natuluka nazo padzuwa. Pa chakale padadindidwa zilembo zazing'ono, JT33. Pa cha Che Binali padadindidwa B16. Adabwerera m'shedi, napaka choko pansonga ya shafuti, chitsulo chozungulira chimene chaki chimavalapo. Nsongayo inali yosongoka pang'ono ngati mpini wa khasu polowera. Panalibe bauti kapena mazinga. Chaki chimangokhala chifukwa chakuti bowo lake ndi nsongayo zimakumbatirana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Adaveka cha Che Binali chija, nachipotokola kawiri, n'kuchivula.

"Taonani, a tcheyamani."

Choko chidafufutika pa kamzere kamodzi kokha, kopyapyala ngati ulusi, kumtunda. Kunsi konse chinali choyera mbee, chosakhudzidwa.

"Zikungogwirana pakhomo pokha," adatero a Gerson. "M'katimo nsonga ikulendewera. Ya ku Amerekayi imasongoka msanga. Bowo la ku Ulayali limasongoka mwaulesi. Awa amapima ndi mainchi, awa ndi mamilimita, ndipo aliyense adasankha kupendekeka kwakekwake."

"Kusiyana kwake n'kwakukulu bwanji?"

"Pakhomo, ngati tsitsi ziwiri. Kunsonga, mwina ngati chikhadabo."

A Wilson adaika kapu pansi. "Ndiye ana akhale pamchenga chifukwa cha tsitsi ziwiri? Achimwene, ano ndi masiku a matipate. Anthu amene ankatukwanana dzana akukwera galimoto imodzi lero. Wa ku Amereka ndi wa ku Jeremani angalephere kukhala nyumba imodzi? Muli ndi moto apo. Wotchererani. Madontho atatu basi, tione ngati chigulukenso."

 Mawuwo sanali opusa, ndipo a Gerson ankadziwa. Atawotcherera, chaki sichikadagwanso. Mabowo akadatuluka otambalala pang'ono, koma bauti ikadalowa, ndipo pofika Loweruka madzulo madesiki onse akadatha. Ankadziwanso china. Moto ukadapinda shafuti, n'kuumitsa mafuta a m'mabering'i, ndipo nsonga ija sikadavalanso chaki chake mpaka kalekale. Makinawo akadavina mwezi umodzi kapena iwiri, kenako n'kukhala chitsulo chomangirira mbuzi.

Adayang'ana mkazi wawo. A Phyllis ankasonkhanitsa makoko a chinangwa m'mbale.

"Ine sindidziwa za zitsulo," adatero mofatsa. "Ndikudziwa za atsikana anga. Ena ndi anamwali ndithu. Akakhala pansi, ndikawafunsa funso saimirira, poopa kuti anyamata aseka akamakonza diresi. Amangowerama ngati sakudziwa, chonsecho akudziwa. Eveles, mwana wa asodzi uja, wandiuza lero kuti akapeza mchenga womwe uja Lolemba, abwerera kukayanika nsomba."

"Mwamva?" adatero a Wilson. "Walira mvula walira matope. Tidalira sukulu yaulere, matope ake ndi amenewa. Ndipo ine ndidaima pamaso pa makolo n'kunena kuti makumi atatu."

A Gerson adatenga chigoba chotchinga kumaso, nachivala. Adapana waya pa tebulo la makina, natola ndodo yowotcherera. Anthu onse a kumeneko ankadziwa kuti a Gerson sawotcherera osaimba. Nyimbo za m'buku la tchalitchi zinkatuluka m'chigobamo ngati munthu akuimbira mu mtsuko, ndipo odutsa pamsewu ankadziwa kuti ntchito ikuyenda. Tsiku limenelo adayandikiza ndodo, naima. Adatsokomola, nayesa kuyamba, koma nyimbo sidatuluke. Kenako adavula chigoba n'kuchikoleka pamsomali.

"A tcheyamani, akadakhala anga ndikadawotcherera kalekale. Koma adandiika m'manja pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa anthu. Makinawa aboolera ngolo za mudzi wonse uno. Aboolera mahinjesi a zitseko za amasiye. Chaka chamawa Sitandade 6 idzafunanso madesiki. Ndidzaboola ndi chala?"

"Nanga Lolemba?"

"Sindikudziwa. Safunsa adadya phula. Ndipitanso kwa mwini chaki."

A Wilson adavala chipewa chawo mwamphamvu. "Pitani. Koma makolo akandifunsa, ndidzawalozera khomo lino."

Dzuwa la Okutobala linali litakwera pamutu pamene a Gerson ankapalasa kulowera ku Lifuwu, chaki cha Che Binali chili m'thumba la pachiwongolero. Minda ya mpunga inali itauma, ziputu zokhazokha, ng'ombe zikudya m'menemo. Sadafulumire, podziwa kuti Lachisanu masana Che Binali amakhala ku mzikiti. Adafika iwo akungofika kumene, atavala mkanjo woyera ndi kofia, akuvula nsapato pakhonde.

"Fundi wabweranso!" adatero Che Binali. "Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Yaguluka?"

"Katatu, Che Binali. Kachitatu idatsala pang'ono kudula chala cha a tcheyamani."

Che Binali adaseka mpaka kofia idapendekeka. Adatenga chaki chakale chija, chimene a Gerson adatenganso, nachiyandikiza kumaso.

"Aa, wallahi, kulakwa ndi kwanga. Dzulo mudangoti chaki, ine n'kungoti nachi. Kusikimu tinali ndi madirowa awiri. Ya kumanzere ya zilembo za B, zochokera ku Ulaya. Ya kumanja ya zilembo za J, za ku Amereka. Bwana wa makina ankati ukasakaniza, upite kwanu. Ndimaganiza kuti ndi nkhanza chabe, mpaka mnzanga wina adakhomerera cha B pa makina a J, chidauluka n'kuswa windo."

"Palibe njira? Kupala pang'ono ndi fayilo?"

"Ndi dzanja? Mungapale dzira kuti likhale bwino kuposa mmene nkhuku idaliikira? Pamafunika makina osemera zitsulo, ndipo apafupi ali ku Lilongwe. Mukapita mawa, mubwerako Lachitatu, ngati akulandirani."

A Gerson adakhala pampando, nayang'ana pansi. Pabwalopo, patsinde pa mtengo wa mango, mkazi wa Che Binali, a Tausi, ankatsuka mbale. Akatsuka ankaziyanika pa chitsulo chachitali chobiriwira chimene chidaima pamenepo ngati munthu. Pa tebulo lake lachitsulo panali mbale ndi makapu, pa chogwirira chake padakolekedwa zipande. Anali makina a ku Jeremani aja, amene Che Binali adapatsidwa popuma ntchito.

"Amuna inu mumandidabwitsa," adatero a Tausi osatembenuka. "Mwamutenga mwana wamkazi kupita naye chitengwa, wakana, wathawa katatu. Ndiye mwakhala pansi kulira. Kwanu kulibe chikamwini? Mkazi akakana kwa mwamuna, mwamunayo amanyamula mphasa yake n'kukakhala kwa mkazi."

"Abiti, izi ndi nkhani za mafundi," adatero Che Binali.

Koma a Gerson anali ataimirira kale. Adapita pamtengo wa mango, napempha kusuntha zipande. Adagwira shafuti ya makinawo n'kuizunguza ndi dzanja. Idalira pang'ono ndi dzimbiri, koma idazungulira mowongoka. Adatulutsa chaki cha B16 chija m'thumba, nachiveka, n'kuchigunda kamodzi ndi chikhatho. Chidakhala nganganga. Adachikoka ndi manja awiri, osasunthika.

"Che Binali, makinawa adafa chiyani?"

"Mota. Idapsa chaka cha chilala chija. China chilichonse n'chamoyo."

"Kwanga mota ndi yamoyo. Ndipo mota siigwira chaki. Imakoka ndi lamba."

Che Binali adayang'ana mkazi wawo, nayang'ananso a Gerson. "Lamba safunsa kuti kwanu n'kuti," adatero pang'onopang'ono.

"Eya, koma ine ndikufunsa," adatero a Tausi, manja ali m'chiuno. "Limeneli ndi thandala langa. Chiswe sichidya, mbuzi sizigwetsa. Zaka ziwiri. Mukalitenga, mbale zanga ndiyanika pamutu pa Che Binali?"

"Mayi, mundibwereke. Ndikupangirani thandala lachitsulo la mashelefu awiri, lokhala ndi pokoleka zipande."

"Atatu."

"Atatu."

"Ndipo mukauze aphunzitsi kuti mdzukulu wanga akhale kutsogolo. Maso ake ndi a agogo ake aamuna, saona patali."

A Wilson, atamva, adang'ung'udza kuti tsiku latha ndi kuyendayenda, koma ndiwo adamanga ng'ombe zawo pangolo, n'kuyendetsa okha mpaka ku Lifuwu. Amuna asanu adakweza makinawo, a Tausi akuwalangiza ngati akukweza mkwatibwi.

Loweruka m'mawa a Gerson adamasula mota pa makina a mpingo, nasunga mabauti ake m'chitini, n'kulemba ndi choko pamene chilichonse chidachoka. Mavuto sadathe. Mabowo a pansi pa mota sadakumane ndi a pa makina a ku Jeremani, pakuti apanso ena adapima ndi mainchi, ena ndi mamilimita.

"Ayambanso!" adatero a Wilson. "Anthu amenewa adayambana chiyani kwawoko?"

"Apa ndiye pali nkhoswe," adayankha a Gerson. Adatenga thabwa lochindikala la mlombwa, naboola ndi chiboolero cha manja mabowo anayi a mota ndi anayi a makina, n'kulimanga pakati. Lamba wakale adachepa, koma a Phyllis adakabwereka wina kuchigayo. Dzuwa lili pamutu, zonse zinali m'malo. A Gerson adavula chipewa, ndipo a Wilson, ataona, adavulanso chawo. Pemphero linali lalifupi. Atati ameni, a Wilson adapita kukaima kuseri kwa chitseko.

Makina adalira. Biti idazungulira ngati yaima, osagwedera konse. A Gerson adatsitsa chogwirira, ndipo tizitsulo topotana tidatuluka tiwiri, tofanana, mpaka biti idatulukira kunsi. Bauti idalowa m'bowomo mosakakamiza ndiponso mosagwedera.

"Tulukani, a tcheyamani. Gwirani mwendo uwu."

Adagwira ntchito osapuma. A Wilson ankagwira zitsulo ndi kudontheza mafuta, a Phyllis ndi amayi awiri a kwaya ankalowetsa mabauti, ndipo Che Binali, amene adabwera pa njinga kudzaona mkamwini wawo, mota ija, adakhala pa chitini n'kumamanga manati uku akunena kuti sadabwerere ntchito. A Gerson ankaimba, amayi aja akuvomera. Pamene mithunzi inkatalika, magetsi adazima monga mwa chizolowezi chake. Adawerenga madesiki amene adaima pabwalo. Anali makumi awiri.

A Wilson adapukuta thukuta. "Atsala khumi. Mawa tikangotuluka m'tchalitchi, maola atatu okha. Abusa omwe adalalikira kuti ng'ombe ikagwa m'dzenje pa Sabata, umaitulutsa."

"Ng'ombe yatuluka kale, achimwene. Chatsala m'dzenje ndi mawu anu ndi anga, aja tidanena pamsonkhano. Amenewo angathe kugona m'menemo mpaka Lachitatu."

"Aphunzitsi, tathandizeni."

A Phyllis ankawerenga ndi zala. "Atatu pa desiki, ndiye ana makumi asanu ndi limodzi. Atsikana onse akwana, ndi anyamata aakulu. Ang'onoang'ono akhala pamphasa masiku awiri, safa. Mawa ndikufuna mwamuna wanga pa benchi, osati m'shedi."

Lolemba m'mawa ana adabwera kudzanyamula madesiki, anayi pa lililonse, mzere wautali kuchoka kutchalitchi mpaka kusukulu, akukangana za amene akhale pati. Makolo adasonkhana pansi pa mtengo. A Wilson adaimirira, nakonza jekete, natsokomola kawiri.

"Ndidakuuzani kuti makumi atatu. Ali pano ndi makumi awiri. Ine ndimafuna kuti onse athe, ngakhale makina a mpingo afe. A Gerson adakana. Amene ali ndi mawu anene kwa ine, osati kwa iwo."

Bambo wina kumbuyo adafuula kuti, "Otsalawo liti?"

"Lachitatu."

"Lachitatu la matipate kapena lenileni?"

Anthu adaseka, a Wilson nawonso. A Gerson sadadikire zokamba zina. Adasuzumira pawindo la Sitandade 5, naona mkazi wawo akulemba tsiku pa bolodi, ndipo kumbuyo kwawo manja a atsikana anali kale m'mwamba. Adabwerera kushedi. Adapaka girizi pansonga ya shafuti ya makina a mpingo, naikulunga ndi nsalu yoyera. Kenako adakopera mosamala zilembo zinayi zija, JT33, pa pepala, kuti abusa akaike m'kalata yopempha chaki china ku Amereka, napita nalo kunyumba ya abusa asanayatse makina.